Tsiku lomwe adadula kompyuta yanga

Kompyutayo ndidagula nditangopuma pantchito ku Boma, ndipo mapepala ake onse alipo mpaka lero mu fayilo: lisiti, kabuku ka malangizo, ngakhale kapepala komwe kadamatidwa pa katoni. Mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, adaibwereka n'kukatsegula kachipinda ka magemu pa Njuli, pomwe anyamata a kabaza amalipira kuti asewere mpira wa pagalasi. Zinkayenda ndithu. Kenaka kudabwera gemu yatsopano, osewera a pagalasi aja n'kuyamba kuyenda ngati akudwala nyamakazi, makasitomala n'kuthawira kwa mnzake kutsidya kwa msewu.

"Agogo, pakufunika gilafikisi," adatero, kutanthauza khadi lomwe limatulutsa zithunzi. "Apo ayi, ine ndikutsikira ku Joni."

Ku Joni kudapita kale atsibweni ake ndipo sadabwerenso. Ndidagulitsa nandolo, tidakwera minibasi ya ku Limbe.

Khadi latsopano sitikadalikwanitsa. Tidapeza lakale kwa mnyamata wina kuseri kwa sitolo, atalikulunga m'nyuzipepala yonunkha mafuta a tchipisi. Nditapempha lisiti, adaseka.

"Madala, lisiti yake ndi ineyo. Simukundiona?"

Ndidakakamira. Adalemba kuseri kwa paketi ya fodya, opanda chidindo, opanda tsiku. Ndidaigwira ndi zala ziwiri.

Titafika pa Njuli mdzukulu adamasula bokosi la kompyuta. Ine ndidabwerera m'mbuyo. Mphemvu! Zidatuluka ngati anthu akuweruka ku tchalitchi, zazikulu ndi tiana tomwe, ina n'kulowa m'buluku mwanga. M'kati mudali fumbi lophatikana ngati ubweya, makoko a mtedza, ndi nalimata wouma atakakamira pa fani. Fungo lake lidali la khola la nkhuku nthawi ya mvula.

"Iwe, chinthu ichi ndidakupatsa chikuwala!"

"Zimakonda kofunda, agogo."

Adapukuta ndi mswachi wakale. Koma poti alowetse khadi lija, lidakana. Lidatalika, kumapeto kwake likugunda lata. Kubweza sikukadatheka, wogulitsa uja ndi paketi yake ya fodya akadangotiseka. Kugula bokosi lina lokulirapo, ndalama ya nandolo idali itatha. Mdzukulu adakhala pansi, n'kugwira kutsaya. Ndidaona kuti maganizo ake ali kale pa basi ya ku Joni.

Kenaka adadzambatuka, adazula zam'kati zonse, adasenza bokosi pamutu. Ndidamutsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe pamakhala bambo wokhoma zidebe ndi mbaula. Mdzukulu adamuonetsa bamboyo pomwe khadi linkagunda.

"Muchita nalo chiyani?" ndidafunsa.

"Zenera, achikulire," adatero wa zidebeyo. "Lalikulu bwanji?"

Sadayeze n'komwe. Adalavulira pa lata, n'kulemba mzere ndi chala chonyowacho, n'kutenga lumo lomwe amadulira mbaula. Kulira kwa lata lija ndikumakumvabe m'mano. Atamaliza adapinda m'mbali ndi hamala, n'kundifunsa ngati ndikufunanso zogwirira.

Titabwerera, mdzukulu adabwezera zam'kati zija, khadi n'kulowa, mchira wake uli panja ngati mbewa yothawira kuuna. Atayatsa, osewera aja adathamanga bwinobwino. Anyamata a kabaza adayamba kusuzumira pakhomo, wina n'kukuwa kuti, "Mbaula yayaka, bweretsani chimanga!" Dzina lidakhala lomwelo. Pa Njuli ponse amati tikasewere pa mbaula.

Mdzukulu sadatchulenso za ku Joni. Alipo, ndipo Lamulungu lililonse amabwera kudzandiona. M'kachipinda kake sindilowamo, sindingapirire kuona chinthu changa chili choncho.

Chibenthu cha lata chija ndidachitola pansi pa mango, wa zidebe asadachisandutse chivundikiro. Ndidachitsuka ndi sopo, n'kuchiika mu fayilo, kumbuyo kwa paketi ya fodya. Fayiloyo siitsekekanso bwino.