Mayi Tsoneva Akana Giredi Yachifundo

Mayi Nedyalka Tsoneva anaphunzitsa Chirasha pasukulu ya m'tauni yathu zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe mwana anatuluka m'manja mwawo ali mbuli. Kenaka boma linasintha muno m'Bulgaria, ubale ndi Arasha n'kuzilala, anthunso n'kusintha nalo. Makolo omwe ankawabweretsera maluwa anayamba kuwazemba pamsewu. Chirasha chanunkha basi, aliyense akufuna Chingerezi! Anthu inu, kuiwala kwake kotero?

Ahedi, Bambo Dochev, amene dzulodzuloli ankalakatula ndakatulo za Chirasha pamisonkhano mpaka misozi mbwembwembwe, anawaitanira mu ofesi.

"Mayi Tsoneva, nkhani ndi yaifupi. Mubweretse pepala losonyeza kuti mwakhoza Chingerezi sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala. Apo ayi, malo anu tipatsa wina."

"Manyazi mulibe, Bambo Dochev?"

"Manyazi sadyetsa ana, mayi."

Ndiye Loweruka lililonse, chisanu chigwe chisagwe, mayiwo ankakwera basi yam'mawa kupita ku yunivesite ya kumzinda. Kumeneko ankakhala benchi imodzi ndi atsikana amsinkhu wa mwana wawo, otafuna chingamu, omwe ankatsinana n'kumaseka mayiwo akatchula mawu a Chingerezi ndi lilime lozolowera Chirasha. Zinkawawawa, osanama. Koma phunziro la kapangidwe ka mawu linawagwira mtima: kuthyola liwu, tsinde apa, aphatikiri apo, kenaka kusankhula mayina, aneni, afotokozi, lililonse m'gulu lake. Ankaloweza m'basi, ankaloweza pamzere wa buledi, ankaloweza akuwotcha tsabola wosunga m'mabotolo.

"Nedyalka iwe, ukukangana ndi ndani kukhitchiniko?" amuna awo, a Stoycho, ankafuula ali pabalaza.

"Ndi Angerezi! Khala chete, ukundisokoneza."

"Uwauze abwere adzatithandize kusenda tsabolayo."

Mayeso anali mu Juni, apakamwa. Munthu umalowa, umatola kapepala kamodzi mwa timapepala tovundikira patebulo, ndipo funso limene wapezamo ndi lako. Koma panali chizolowezi chomwe aliyense ankachidziwa: aphunzitsi akale a Chirasha sankafunsidwa. Ankangowalembera 3, giredi yongodutsira, n'kuwatsanzika. Anzawo a Mayi Tsoneva ankatuluka akumwetulira, pepala m'manja, Chingerezi m'mutu mulibe. Ndipo mawa lake akaime pamaso pa ana a eni!

Mayiwo atalowa, woyesa mayeso anadzambatuka pampando, nkhope ili psuu. Anali Radoslav Penchev, yemwe iwo anamuphunzitsa ali ndi mamina, lero ndi dokotala wa zinenero.

"Aphunzitsi! Khalani, khalani. Musavutike n'kutola. Ndikulemberani 3, mukapeze basi yamasana."

Mayi Tsoneva anamva magazi akuwira. Chaka chathunthu osagona tulo, kusekedwa ndi tiana, ndiye lero awathamangitse ngati wopemphetsa pakhomo la tchalitchi?

"Rado, ine ndinayamba ndakulemberapo giredi osakufunsa?"

"Ayi, aphunzitsi, koma ndikungofuna kukuthandizani..."

"Thandizo lakelo ukapatse amako! Ukuona ngati mutu uwu waola? Ndifunse!"

"Mukatola, ndiyenera kulemba zomwe ndamva. Ikakhala 2, mwalephera, ndipo obwereza amalemba mu Okutobala."

"Kalendala ndimaidziwa. Chotsa dzanja lako pamenepo."

Anatola. Tsoka sasimba: linali funso la aneni aja oyenda ndi timawu ting'onoting'ono pambuyo, tomwe tikangosintha, tanthauzo lonse latembenuka. Mutu umenewo ndi umene unawakanika chaka chonse. Anayamba bwinobwino, natchula zitsanzo zingapo, kenaka zinthu zinasokonekera. Radoslav anafunsanso mwanjira ina, nadikira. Anafunsa kachitatu, nadikirabe. Mayiwo anayesa uku, nayesa uko, koma yankho silinabwere.

"Aphunzitsi," anatero mnyamatayo motsitsa mawu, "chitseko n'chotseka. Palibe wamva."

"Ndamva ine. Lemba."

Radoslav analemba 2.

Kunyumba a Stoycho anamenya tebulo mpaka makapu kudumpha. "Anakupatsa m'manja, iwe n'kutaya! Tidya ulemu wakowo?" Mayiwo analowa kukhitchini, natseka chitseko, nalira mokwiya, akutukwana Angerezi, Arasha, boma ndi Bambo Dochev onse pamodzi.

Mu Seputembala kalasi yawo anaipatsa mtsikana wina wa benchi ija. Okutobala atafika, iwo anapitabe kukabwereza, nakhoza ndi 5, giredi yapamwamba, koma ahedi anangotambasula manja: malo adzaza. Zoterozo mukuti si nkhanza? Lero mudzawapeza m'kanyumba kogulitsira nyuzipepala pasiteji ya basi, magalasi pamphuno, akukalipira ana oponda maluwa a m'mbali mwa msewu. Anzawo olandira 3 aja akuphunzitsabe.

Tsiku lina mayi wogulitsa buledi pafupi nawo anawafunsa ngati sadandaula kuti anakana chifundo cha Radoslav.

"Ndimadandaula tsiku lililonse, usandifunse zopusa," anayankha. "Koma chichokereni boma lija, aliyense ankangondiuza zochita. Mwana uja yekha ndi amene anandifunsa funso, n'kudikira kuti ndiyankhe."