Bowo la mu akodiyoni ya a Yeremiya

A Lazalo sanasutepo fodya moyo wawo wonse, ngakhale kuti fodya yemweyo ndiye wawadyetsa mpaka imvi. Pa famu yathu ino ya ku Raffingora ntchito yawo inali ya m'mabalani owotchera fodya. Moto ukayaka, iwo ankazungulira khoma kufunafuna pamene utsi ukuthawira, n'kumatapo dothi. Khalidwe limeneli linawalowerera. Akaona kabowo pa ndowa ya mwini, mtima sukhala m'malo mpaka atamatapo.

Ndiye tsiku lomwe ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, chindudu chopichira m'nyuzi chili kukamwa, maso ali psuu, ndinangoti kakasi. Mkulu wa mpingo ameneyu!

"Bambo a Vimbai, zayamba liti izi?" ndinawafunsa a Lazalowo.

"Musandisokoneze, mai Delight," anatero uku akutsokomola. "Ndiri pa basa, ndikugwira ntchito."

Pamiyendo pawo panali akodiyoni ya a Yeremiya, mnzawo wa kalekale, amene anativinitsa pa maukwati athu onse pakomboni pano. Tsopano chifuwa chinali chitawatha a Yeremiya, maso nawonso atachita khungu, ndipo mwana wawo Domingas anali atanena kuti Loweruka adzawatenga akakhale nawo ku Glendale. Mkuluyo anapempha chinthu chimodzi basi: aimve akodiyoni yawoyo ikulira asanachoke. Koma chinthucho chinali chitakhala zaka pamwamba pa kabati, ukachikoka chimangoti fuu ngati tayala lobooka.

A Lazalo za akodiyoni sankazidziwa, kupatula kanyimbo kamodzi komwe mnzawoyo anawaphunzitsa. Chomwe ankadziwa ndi balani. Anazula timisomali ta m'mbali, n'kuuzira utsi m'kati mwa mvukuto wake, n'kutseka, kenako n'kufinya pang'onopang'ono. Utsi unatuluka m'makona, m'makwinya, ngakhale pansi pa lamba. Paliponse pomwe watulukira ankalembapo ndi khala, koma akatembenuza kuti aone mbali ina, makala aja amafufutikira m'malaya, n'kuyambiranso. Akazi awo anafika powafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, sindibisa.

Anamata ndithu. Tizigamba ta chubu cha njinga ndi guluu wake, paliponse, mpaka utsi unasowa potulukira. Anayenda pakomboni chifuwa chili patsogolo.

Lachisanu masana tinapita kwa a Yeremiya. Tinawapeza atakhala pampando pakhonde, bulangeti lili m'miyendo dzuwa likuswa mtengo. A Lazalo anakoka kanyimbo kawo kaja, ndipo akodiyoni inalira mwamphamvu, mawu oyera bwino, nkhuku zinabalalika.

A Yeremiya anapendeketsa mutu. "Achimwene, imeneyi mwabwereka kwa ndani?"

"Ndi yanu iyi. Ndaikonza."

"Aiwa, si yanga iyi. Yanga imapuma. Ikafika pakati pa nyimbo imausa moyo, ndipo pomwepo mpamene ine ndimakokera mpweya. Inabwera choncho ndi bambo anga kuchokera ku Dedza. Bwezani ya eni ake, mundibweretsere yanga."

A Lazalo anandiyang'ana ine, ngati ndine ndinawatuma. Anayang'ananso zigamba zawo, zambirimbiri, zonse zakuda mofanana.

"Nanga bowo lake linali liti?"

"Hameno, sindikudziwa," anatero a Yeremiya. "Ine ndinkangolimva."

Kuseka kunandithera pamenepo. Ndinawamvera chisoni onse awiri, wina akukana chinthu chake chomwe, winayo osamvetsa kuti walakwa chiyani. A Lazalo anakhala pansi n'kuyamba kumatula ndi zikhadabo. Akachotsa chigamba chimodzi, amayimba, n'kuyang'ana nkhope ya mnzawo. A Yeremiya amapukusa mutu. Iwo amabwezeretsa, n'kumatula china. Zina anazimatula kawiri osazindikira, guluu ali yense m'zala, akung'ung'udza kuti chiyambire sanamvepo munthu akufuna bowo.

Kenako anachotsa kachigamba kakang'ono pakona yapansi, pamene chida chimakhudza bondo. Anakoka. Nyimbo itafika pakati, akodiyoni inati fii, pang'ono chabe. A Yeremiya anakoka mpweya pomwepo, chifuwa chikulira, n'kulowa m'nyimbo ndi kamawu kakang'ono konjenjemera. Anayimba mpaka kumapeto. Ine ndinapukuta misozi ndi chitenje.

M'mawa mwake Domingas anabwera ndi kombi. Akodiyoni a Yeremiya anakana kuitenga. Anaisiya m'manja mwa a Lazalo, n'kuwagwira dzanja.

"Musamateponso, mwamva?"

Ili pamwamba pa kabati kwa a Lazalo tsopano. Nthawi zina ndimawapeza ataitsitsa, chala chili pa kabowo kaja, guluu ali pambali wosatsegula. Amandifunsa kuti, "Mai Delight, kodi chinthuchi ndinachikonza kapena ndinachiwononga?" Kenako amachotsa chalacho n'kuibwezera pamalo pake.