Kalata ya Kupolisi

Tsiku lomwe wailesi inalengeza kuti boma lalola kulima chamba, amalume anga anavala jekete lawo la kutchalitchi pakati pa sabata. Iwowa anakhalapo kundende kalekale chifukwa cha mitengo ingapo ya chamba yomwe anabzala m'chimanga kumudzi kwathu ku Nsanje. Atatuluka anabwera kudzakhala nafe ku Chirimba, n'kumalondera sitolo ina ku Limbe.

"Mphwanga, nthawi yathu yakwana," anandiuza. "Ukandiperekeze, iwe umamva Chingerezi."

Patapita miyezi tinakwera minibasi kupita m'tauni, kumsonkhano wa ofuna kulima. Bambo wina wa tayi anawerenga zofunika: mpanda, alonda, ndi ndalama ya laisensi yomwe sitinaigwirepo chibadwire. Ine ndinkamasulira, amalume n'kumangogwedeza mutu, ati tidzasonkherana pachibale. Kenako bambo uja anati aliyense abweretse kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sanapalamulepo mlandu wa chamba.

Zimenezo sindinawamasulire, koma anaziwerenga pankhope panga.

Potuluka, bwana wina wa ku Nyambadwe, yemwe ndikukayika ngati anagwirapo khasu, anatikodola ali m'galimoto. Anali atamva kuti amalume ndi katswiri.

"Madala, mubwere kufamu kwanga muzidzalondera. Mukapeza mpata muziwaphunzitsa anyamata kusiyanitsa chamba chachimuna ndi chachikazi."

Amalume anavula chipewa n'kuthokoza.

Mpaka lero zimandinyansa. Chamba anachikhululukira, pano chikuyenda pagalimoto ndi mapepala ake. Amene sanawakhululukire ndi amalume anga.