Tsiku Limene Emmie Anawotcha Kompyuta ku Biwi

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka m'chaka cha 2003, dzina la Emmie panalibe. Makolo ake anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi azakhali ake ku Kawale, m'nyumba yalendi yodzaza kale ndi ana.

Azakhaliwo sanali oipa mtima, anali otopa chabe. Anamuuza mosapsatira kuti mvula ikadzagwa asanapeze chochita, adzapita kumudzi ku Dowa kukagwira khasu.

Emmie anayamba kugulitsa zitumbuwa kwa amakaniko a ku Biwi. Kuseri kwa malo ena owotcherera zitsulo kunali shedi yamalata ya Abambo Abdullah, amene kale ankakonza mawailesi. M'menemo munkasonkhana anthu okonda kumasula zinthu kuti aone zam'kati: aphunzitsi, amakaniko, ndi achinyamata osowa ntchito ngati ine.

Inu a masiku ano simungamvetse. Nthawi imeneyo kompyuta inkaopedwa. M'maofesi ankaifunditsa nsalu ngati khanda, ndipo wodziwa kuikonza ankakutembenukira msana pogwira ntchito kuti usamubere nzeru. Koma ife tinkatola zimene maofesi ataya, n'kuzisasula poyera, aliyense akuona. Ndimawasowa kwambiri masiku amenewo, ndi fumbi lake lomwe.

Malamulo a Abambo Abdullah anali ochepa. Zithunzi ndi zolemba zimene wazipeza m'kompyuta ya munthu si zako, usazitsegule. Koma nzeru imene waipeza si yako wekha, uwuzeko anzako.

Poyamba Emmie ankangoima pakhomo, beseni lili pamutu. Kenako anayamba kulitula. Pasanapite nthawi anali atadziwa mayina a zipangizo, ndipo mafunso ake ankatitopetsa tonse. Tinkamuseka kuti zitumbuwa zikuzizira, iye osatimva n'komwe.

Tsiku lina munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa kompyuta yochokera kunja, yatsopano kuposa zinyalala zathu zonse. Tinagwirizana kuti tidzaiyatse Loweruka tonse tilipo. Emmie mtima unamuthamangira. Atapeza m'shedi mulibe munthu, anailumikiza kumagetsi kuti angoona pang'ono.

Kumbuyo kwa makina amenewo kunkakhala kabatani kofiira kosankhira mphamvu ya magetsi. Kanali kadakali pa magetsi a dziko limene inachokera, omwe ndi ochepa mphamvu kuposa athu. Kompyuta inangoti phu! Utsi tolo, fungo la mawaya opsa m'shedi monse.

Emmie analiyatsa liwiro, beseni n'kulisiya pomwepo. Manyazi a mayeso aja anamubwerera onse, ndipo anadzitsekera kunyumba akudziuza kuti chilichonse chimene wagwira chimawonongeka. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo azakhali anali atayamba kufunsa za matola opita ku Dowa.

Masana ena Abambo Abdullah anatulukira ku Kawale, beseni lili m'manja.

"Bambo, ndikhululukireni," anatero Emmie atagwada. "Sindidzapondakonso."

"Mwanawe, kompyuta ija yandiwawa, sindinama," anayankha. "Koma chondiwawa kwambiri n'chakuti wathawa ndi phunziro lathu. Ubwere Loweruka, msomali wako ukukudikira."

Khoma lina la shedi ija linali lodzaza misomali, ndipo pamsomali uliwonse pankalendewera chipangizo chopserera. Mwambo wathu unali wakuti wowononga chinthu aziimirira pamaso pa onse, afotokoze mmene wachiwonongera, kenako achikoloweke yekha. Zambiri mwa zimene zinali pamenepo anawotcha ndi Abambo Abdullah eniake.

Loweruka Emmie anabwera. Anafotokoza zonse osabisa, ngakhale zoti analephera kudikira anzake. Atatha, tinatembenuza kompyuta ija, ndipo m'pamene tinakaona kabatani kofiira. Kunena zoona, palibe mwa ife amene ankakadziwa. Pakanapanda iye, tikanaiwotcha tonse pamodzi tikuwomba m'manja.

Asanakoloweke kabokosi ka magetsi kamene kanapsa m'kompyutamo, Emmie anapempha kuti akatsegule. Anakhala nako masiku ambiri, akuchotsa zopsa n'kuikamo zotola m'makina akufa. Analephera kangapo, anapsa zala, ndipo tizipangizo tambiri timene anayesera tinathera pamisomali. Koma tsiku lina kompyuta ija inalira n'kuyaka.

Mbiri siigona. Sukulu ina ya ku Area 23 inalandira makompyuta akunja, ndipo oyamba kuyatsidwa anafuka utsi momwemo. Aphunzitsi aakulu atabwera kudzapempha thandizo, Abambo Abdullah analoza Emmie.

"Tengani uyu. Vuto limenelo amalidziwa ndi fungo lomwe."

Emmie anakonza opsawo, n'kupulumutsa otsalawo. Sanabise mmene wachitira. Anaitana aphunzitsi ndi ana omwe, nawaonetsa kabatani kaja. Ena anamunena kuti akudzilanda yekha msika, koma sukuluyo inaona kuti munthu wophunzitsa chonchi ngosafunika kumutaya. Inamulemba ntchito yosamalira makinawo ndi kuphunzitsa ana.

Mvula inagwa chaka chimenecho Emmie ali m'tauni. Azakhali ake atamva, anaseka misozi ili m'maso. "Ndiye khasu lija tibwereke ena," anatero.

Lero shedi ija kulibe, pamalopo akugulitsa matayala. Abambo Abdullah anatisiya, ndipo ife tinabalalika. Ndikamadutsa pamenepo mtima umandiwawa. Emmie yekha ndiye sanasinthe, ali ndi malo ake ophunzitsira atsikana, ndipo chitseko chake sichitsekedwa masana.

Inu amene mwalephera, kaya ndi mayeso, kaya ndi ntchito imene mwaiwononga ndi manja anu, musadzitsekere m'nyumba. Bwererani pamene panafuka utsipo, mukanene zoona, mukatsegule chopsacho muone chimene chinalakwika. Musataye mtima, pakuti mwina luso limene lidzakudyetseni lili m'kati mwa chimene mwawotchacho.