Miyala Yosankha ndi Mapazi

Amayi anzanga, ndi inu nonse amene mwadzuka mtima utalefuka, ndikuuzeni za mayi wina woyala miyala.

Tsiku limene zinthu zinamuthina kwambiri, anali atagwada kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito, akuzula miyala imene anayala yekha milungu itatu m'mbuyomo. Inali ntchito yake yoyamba. Anasankha miyala yakuda, yosalala, yoti ikanyowa mitambo inkaonekamo ngati pagalasi. Mvula yoyamba itagwa, mkazi wa mphunzitsiyo anathamanga kukaanula zovala. Anaterereka, mkono n'kuthyoka.

"Zulani yonse," anatero mphunzitsiyo, osakweza n'komwe mawu. "Ndinakupatsani ntchitoyi pokumverani chisoni. Lero chisoni changa chandibweretsera chikhakha m'nyumba."

Mayiyu sukulu inamukanika, mayeso analephera kawiri. Bambo wa mwana wake anachoka mwanayo akadali kumsana. Zaka zinayi ankaswa miyala kuphiri, kuiphwanya ndi nyundo kuti ikhale ing'onoing'ono yomangira, uku akulota tsiku limene adzayale miyala yafulati m'mabwalo a anthu ngati amisiri enieni. Tsikulo linabwera, n'kutha chonchi.

Sabata yomweyo achimwene ake anabwera. Anapeza mwana, kamtsikana kopepuka kamene onse ankangokatchula Nthenga, kakukhosomola fumbi pambali pa mulu wa miyala.

"Mchemwali wanga, sindikukulanda mwana," anatero. "Koma sangakulire pafumbi pano. Ukadzapeza ntchito yoti izikudyetsa osabwereranso kuphiri kuno, udzamutenge."

Nthenga anapita atagwira kajumbo ka zovala, akucheuka. Ine mwana wanga akangolowa chipinda china mtima umandigunda, ndiye sindidziwa kuti mayiyu anapirira bwanji.

M'mawa mwake anabwerera kuphiri. Mbiri inali itafika kale.

"Abwera a Poterera!" anafuula mayi wina. "Gwiritsitsani ndowa zanu, mungagwe!"

Onse anaseka, iyenso anaseka ndi mano okha. Dzinalo linamumatirira.

Kumeneko kunali bambo wina wong'amba miyala ikuluikulu, wosakonda zolankhula, amene ankamutchula a Tchizulo, dzina la chitsulo chake chong'ambira miyala. Anamuyang'ana, kamtengo ka machesi kali kukamwa.

"Miyala ija unasankha bwanji?"

"Inali yokongola."

"Ndiye unasankha ndi maso. Kodi pabwalo pamayenda maso?"

Anatembenuka n'kupitiriza ntchito yake. Sanamuphunzitsenso china chilichonse.

Kuyambira tsiku limenelo, poweruka ankasenza mwala umodzi wafulati mwa imene ogula ankaikana. Kuseri kwa kachipinda kake ka lendi kunali kamalo pakati pa khoma ndi mpanda, ndipo ankauyala pamenepo. Wotuwa, wofiirira, wakuda, wina wooneka ngati tiyi wothira mkaka.

"Mukumanga manda a ndani kuseriku?" anafunsa eni nyumba.

"Ndikumanga sukulu, mayi. Wophunzira ndine ndekha."

M'mawa uliwonse ankathira madzi pamiyalayo n'kuyendapo wopanda nsapato, pang'onopang'ono, maso atatseka. Mapazi anayamba kumuuza zimene maso anamubisira. Mwala wong'ambidwa, wa nkhope yokhakhala, umagwira phazi ngakhale utanyowa. Wakuda masana umatentha ngati chiwaya. Wina wofewa umamwa madzi, ndipo pamthunzi umamera ndere. Wopyapyala umasweka ukaupondera pambali. Anaphunziranso kuugogoda ndi nyundo: wabwino umalira ngati belu lakutali, wokhala ndi mng'alu mkati umangoti phu.

Dzuwa likamatuluka, kanthunzi kankakwera pamiyala yonyowayo. Iye ankaima n'kumaona m'maganizo mwake timapazi tonyowa tikudinda mwala uwu, kenako uwo, mpaka kukafika pakhomo. Ankamva ngati kaphokoso ka mwana akuwerenga masitepe ake. Kenako nthunzi inkatha, n'kutsala iye ndi ndowa yake.

Lamlungu lililonse ankapita kukamuona Nthenga. Mwanayo anali atasiya kukhosomola, masaya atadzaza. Tsiku lina akusewera anapunthwa n'kugwa. Mayiyu anatambasula manja, koma mwana anamudutsa n'kukagwa m'manja mwa alamu a mayiyu, akazi a achimwene aja, akulira kuti, "Amayi! Amayi!"

Alamuwo anachita manyazi. "Ndi ana awa, musadandaule."

Anabwerera kwawo wapansi ulendo wonse, ngakhale yokwerera basi anali nayo. Anazindikira kuti mwana sadikira.

Nyengo ya mvula inatha, ya dzuwa inatha, mvula inayandikiranso. Ankagogoda m'mageti. Ena ankangomva dzina lake n'kuseka. Ena ankati, "Mwamuna wanu ndiye abwere tikambirane." Sanasiye.

Tsiku lina dalaivala wa lole yonyamula miyala anamuuza za sukulu ina ya mkaka imene bwalo lake lakuseri linkasanduka matope. Mmisiri wawo anali atadwala. Mayiyu anapita m'mawa mwake, atasenza mwala wake umodzi wofiirira.

Mayi woyang'anira sukuluyo anamulandira pakhonde. Pansi panali mwala wachitsanzo, wopukutidwa ndi makina, wonyezimira ngati mbale yatsopano.

"Ndasankha kale mtundu uwu," anatero. "Inu mungoyala basi. Mukhoza kuyamba Lolemba?"

Ntchito ndi imeneyo, yaikulu, yoti makolo ambiri adzaiona. Ankangofunika kunena kuti inde. Anayang'ana pawindo, n'kuona tiana tikuvula nsapato pakhomo la kalasi.

"Mayi, pepani. Mwala uwu sindiyala."

"Mwabwera kudzafuna ntchito kapena kudzandiphunzitsa?"

"Kunja kuno amanditchula Poterera. Ndinayalapo mwala wokongola ngati uwu, mayi wina n'kuthyoka mkono. Ndikupempha ndowa ya madzi, ndiponso muvule nsapato."

Amayi awiri ophikira ana anasuzumira pakhomo la khitchini. "Abwana avule nsapato? Lero kuli zinthu!"

Woyang'anirayo anayang'ana nsapato zake. Kenako anavula. Madzi atathiridwa pamiyala iwiri ija, anaponda wonyezimira uja, phazi n'kuthawa, mpaka anachita kugwira phewa la mayiyu. Ophika aja anabisa nkhope m'maepuloni. Anaponda wofiirira. Anapondanso, n'kudzigwedeza dala. Phazi linakhala pomwepo.

"Komatu ndi wosaoneka bwino," anatero.

"Ana akamathamangapo mudzauona kukongola."

"Yambani Lolemba."

Anagwira ntchitoyo milungu isanu. Mwala uliwonse ankaugogoda asanautsitse mulole. Anayala mopendekera pang'ono kuti madzi azithawa khoma. Makona akuthwa anawabunthitsa ndi nyundo, mipata yonse anaitseka ndi simenti kuti kachala ka mwana kasalowemo. Akamaliza mzere, ankathira madzi n'kuyendapo.

Mvula itagwa, ana anatuluka kukathamanga pabwalo lonyowalo, ndipo palibe anaterereka. Makolo pobwera kudzatenga ana ankaima n'kumafunsa kuti wayala ndani. Wina anamuitana, winanso, kenako wina wa kutsidya kwa tauni. Kuphiri ankapitako tsopano kukasankha miyala, osati kukaswa.

Atasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri, anatumiza uthenga kwa achimwene ake. Iwo sanayankhe. Loweruka m'mawa anangomva kugogoda. Pakhomo panali achimwene, alamu ake maso ali ofiira, ndi Nthenga atabereka kachikwama kakusukulu.

"Ndinanena ndekha," anatero achimwenewo. "Mwana wako ndi uyu. Koma alamu akowa uziwalola kudzamuona, apo ayi kunyumba sindidya."

Nthenga anaima kanthawi, akuyang'ana uku ndi uku. Mayi ake sanamukoke. Anangogwada n'kudikira. Mwana anayenda yekha, n'kukhazika mutu pakhosi pawo.

Ine ndinamudziwa mayiyu chaka chatha, mwana wanga atangoyamba kuima chogwirira. Kuseri kwathu kunali fumbi lokhalokha, ndipo ndinali ndi zithunzi zambiri mufoni za mabwalo onyezimira. Sanaziyang'ane n'komwe. Anafunsa kuti pamayenda ndani, dzuwa la masana limagunda pati, madzi ochapira ndimataya kuti. Ndinamupanikiza ndi mafunso anga amantha: nanga akagwa, nanga akanyambita, nanga mwala ukagwedera?

Anaseka. "Amake mwana, kugwa adzagwa ndithu, ndi mmene amaphunzirira. Ine ntchito yanga ndi yoti asagwe chifukwa cha mwala. Tavulani nsapato, musankhe nokha."

Tinasankha wotuwa, wokhakhala pang'ono, wosatentha masana. Lero ndimachapa uku mwana akuyendayenda kumbuyo kwanga, ndipo ndimacheuka kasanu kokha, osati makumi awiri. Mayi uja tsopano amagwira ntchito ndi amayi awiri ochokera kuphiri kuja, ndipo mmodzi ndi yemwe ankamuseka kwambiri.

Mwina nanunso munalakwitsa poyera, anthu n'kukupatsani dzina. Mwina pali mwana amene mukumulakalaka, kapena khomo limene anakutsekerani. Musathawe pamene munalakwitsapo. Bwererani pomwepo muphunzire mpaka mudziwe kuposa amene akukusekani. Ndipo mwayi ukabwera utavala chinthu chimene mukudziwa kuti n'cholakwika, limbani mtima mukane. Mtima wanuwo musautaye, anzanga. Pali wina wamng'ono amene akuudalira.