Ufa wa nkhuku za apongozi

Ndinalowa chikamwini ku Nsaru nditangobwera kumene kuchokera ku Halale, komwe ndinkasesa makola a nkhuku pa famu ya mzungu. Kusesa basi, koma kumudzi ndinkayankhula ngati dokotala. Ndinabwerako ndi chipewa, ulesi pa khasu, ndi kachitini ka ufa wachikasu umene tinkasakaniza m'chakudya cha nkhuku kuti zisamatsegule m'mimba.

Ulesiwo sunachedwe kuonekera. Mizere yanga inali yokhotakhota, ndipo mkazi wanga anandinong'oneza kuti amalume ake ayamba kufunsa ngati njira ya kwathu ndikuikumbukira. Ndinachita mantha, chifukwa mkaziyo ndinkamukonda kwambiri.

Kenaka nkhuku za apongozi aakazi zinayamba kutsegula m'mimba, n'kumangosinza pansi pa nkhokwe. Ndisaname, ndinakondwa. Ndinati apa mudzi udziwa kuti unalandira munthu.

Koma mkamwini sayankhula ndi apongozi aakazi. Tikakumana panjira, ine ndinkalowa patchire ngati wakuba. Ndiye ndinatuma mkazi wanga ndi kachitiniko, kuti akawauze azithira pang'ono m'madeya m'mawa uliwonse. Posakhalitsa anabwerako.

"Wawauza?" ndinafunsa.

"Ndawauza zonse. Akuti mankhwala a ku Halale sangathere nkhuku, abambo akuvutika ndi m'mimba chiyambire dzinja. Awathirira kale m'phala."

"Kodi iwe, sunawaletse?"

"Kawaletseni inu, si ndinu adokotala?"

Ufawo sindinkadziwa ngakhale dzina lake, ndipo sindinaonepo munthu akuulawa. Ndinaganiza zothamangira kwa madala, apongozi aamunawo, koma amene ankawadwazika, osachoka pambali pawo, anali apongozi aakazi omwewo. Ndinangozungulira nyumbayo patali, kutchera khutu ngati kumveke kulira. Wina akatsokomola kumeneko, ine ndinkayang'ana pamene pali chipewa changa. Mantha anandiphunzitsa khasu: ndinkalawirira kumunda, kubwerako dzuwa litapendeka, kuti maliro akachitika anthu anene kuti komabe mnyamatayo ankalima.

Nkhuku zinapitiriza kufa, osalawako ufa wawo ndi pang'ono pomwe. Madala aja anadzuka. Kaya ndi ufawo, kaya ndi phalalo, kaya matenda anangotopa nawo, ine sindidziwa mpaka lero. Anthu anayamba kubwera ndi timabasiketi ta mtedza kudzagula mankhwala kwa mkamwini wa ku Halale, ine n'kumawauza kuti ndi a nkhuku, iwo n'kumati ndine womana.

Tsiku lina madala anandiitana pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala chapatali, chipewa m'manja.

"Inu mukhala pano," anatero. "Dimba la kumtsinje lija ndi lanu."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Madzulo ake mkazi wanga anabwera ndi mbale yovindikira yochokera kwa amayi ake. Apongozi aakaziwo anandiphera nkhuku, ulemu umene mkamwini waulesi salota. Inali yomaliza m'khola lonse, yowonda, mafupa okhaokha. Wodwala yekhayo amene anafika m'manja mwanga, ndinamudya ndi mchere.