Voti ya Chimanga

Matipate atangobwera, ku Kapondo tinayamba kuvotera chilichonse, ngakhale matenda. Ine ndinali mphunzitsi kumeneko, wolongolola ngati wailesi, koma ndikapita kumwezi m'mimba munkandipota mpaka kukwawa. Mwana ndinalibe, ndipo apongozi anga aakazi anali atayamba kale kulozera mwana wawo atsikana a kutsidya kwa malire.

Tsiku lina kunabwera a bungwe lina. Anati ali ndi ndalama zofufuzira matenda, koma tisankhe tokha oti ayambire. Anajambula mabwalo padothi pasukulu pathu: ili malungo, ili Edzi, ili kutsegula m'mimba. Aliyense anamupatsa chimanga chodzaza dzanja kuti athire pa nthenda imene yamusautsa.

Yanga panalibe, ndipo dzina lake sindinkalidziwa. Ndinatola kamtengo n'kujambula bwalo langa kumapeto. "Ili ndi la ululu wa amayi akakhala kumwezi," ndinatero.

Azibambo anayang'ana kumwamba. Amayi amene tinkadandaula nawo limodzi kumjigo anabisa nkhope m'zitenje, chimanga chawo chonse n'kukathira pa malungo. Apongozi anangoti, "Aphunzitsi, zimenezo n'zapagulu?"

Ndinapsa mtima. Ndinakhuthula chimanga changa chonse m'bwalo langalo, n'kutembenukira anthu kuyamba kulalikira. Ufulu wa amayi! Demokalase! Ndinathiramo ndi Chingerezi kuti alendowo adziwe kuti ku Kapondo kulinso ophunzira. Anthu anayamba kuseka, ine n'kumati ehe, mfundo zikulowa. Ndinawonjezera moto.

Osadziwa kuti kumbuyo kwanga kwafika nkhuku za ahedi a pasukulupo.

Potembenuka, bwalo langa linali mbee ngati asesapo. Wowerenga mavoti anasuzumira n'kunena kuti, "Apa palibe vuto." Ndinakuwa kuti munali chimanga, aliyense waona! Anati iwo amawerenga zimene zilipo. Zinandiwawa koopsa, koma nkhuku ungaisumire kuti?

Patapita zaka, amuna anga atakwatira kale kutsidya, adokotala ena ku Lilongwe anandiuza dzina la nthendayo, endometiriosisi. Anati yawononga kwambiri, chiberekero chingochotsedwa basi. Kenako anapukusa mutu. "Matendawa safufuzidwa mokwanira, mayi. Amayi ambiri sawadandaula."

Ndinafuna kuwauza kuti ine ndinadandaula, pagulu, ndi Chingerezi chomwe. Ndinatsegula pakamwa, pakamwa panga pomwe paja, koma panangotuluka kulira.